Khonde la Aphunzitsi Mhango

Margareta anali kuzira khonde ndi dothi lakuda pamene lole ya fodya inaima pamsewu wa ku Mvera. Panali patangopita masiku ochepa chiwerengereni mavoti, ndipo wailesi ya amalume ake, a Lazaro, inali isanatope kunena kuti Malawi tsopano ndi mmodzi. Mabatire anagulira chisankho chomwechi. Chaka chonse wailesiyo inangokhala pawindo ngati chokongoletsa nyumba.

Khondelo ankazirira mwamuna wake. Solomoni Mhango anali mphunzitsi wochokera ku Rumphi, mkamwini wa pamudzipo, mpaka chaka chimene kunabwera lamulo loti mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo cha kwawo. Margareta anamanga mtolo kuti amutsatire, koma a Lazaro anaima pakhomo. "Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ukapita, upita wekha." Mwana wawo Roza anali akuyamwa. Margareta anamasula mtolowo.

Tsopano anthu ankati aphunzitsi aja ayamba kubwerera.

Mu lolemo munatsika mwamuna wamtali, woyenda chopendekera kumanzere ngati wanyamula ndowa. Margareta anaimirira, dothi likudontha m'zala.

"Make Roza, thamangatu, aphunzitsi aja!" anakuwa mayi wina ali pamjigo. "Khonde lagwira ntchito!" Nthungululu zinayamba.

Margareta sanathamange. Munthuyo atafika pamtengo wa mango anavula chipewa. Mayendedwe anali omwewo, koma nkhope inali ya wina.

Anamuyalira mphasa. A Lazaro anabwera atakhwapatira wailesi yawo, ikuimba nyimbo ya mtendere.

"Ndine Kalebe, mng'ono wake wa Solomoni," anatero mlendoyo atatha malonje. Chichewa chake chinkatuluka mosamala, ngati munthu woyenda pamiyala. "Alamu, andituma kudzakusudzulani."

"Kundisudzula?" Margareta anaseka pang'ono. "Mwini wakeyo alibe pakamwa? Ngati wakwatira kumeneko nenani, sindine mwana."

Kalebe anayang'ana a Lazaro, kenako anayang'ana pansi. "Kodi uthenga simunaumve? Tinalengeza pa wailesi mu Febuluwale. Chinali chifuwa. Maliro tinachedwa kuika, maso ali kumsewu, timvekere afika."

A Lazaro anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi. Kumjigo nthungululu zinali zisanathe.

"Kubwera ndinkaopa," anapitiriza Kalebe. "Kuno munavotera kwina, ife kwina. Koma akuti tsopano msewu ndi wa tonse. Akubanja ati musakhale womangika ndi munthu amene anagona kale. Ndinu mfulu, alamu."

"Mfulu," anatero Margareta. "Mwezi uno aliyense akundiuza zomwezo."

Anayang'ana manja ake. Dothi linali litauma n'kuyamba kung'aluka. Misozi sinabwere, inakhala penapake pansi pa nthiti, ikudikira malo ake. Roza anatulukira kuseri kwa nkhokwe, nagwada, napereka moni kwa mlendo wosamudziwa.

"Awa ndi atate ako aang'ono," anatero mayi ake. Kenako anatembenukira kwa Kalebe. "Sindisudzulidwa pa mphasa ino. Mukandisudzulire pamanda pake. Ndipo mwanayu akaone pamene panagona bambo ake."

Onse anayang'ana a Lazaro. Mkuluyo anatembenuza wailesi ija m'manja, uku ndi uku, ngati akufuna pamene yawonongeka.

"Mwanayo umutengere juzi," anatero potsiriza. "Akuti kumeneko kumazizira."

M'mawa mwake anakwera lole ina, atatu, atakhalira matumba a chimanga. Mapiri a ku Dowa anayamba kutsalira m'mbuyo, minda itayera ndi mapesi. Roza anakoka malaya a Kalebe.

"Kwanuko atate mumati chiyani?"

"Timati adada."

Mwanayo analibwereza liwulo motsitsa, mobwerezabwereza, kuopa kuti angaliiwale asanafike.