Mafuta a Bambo Hosea

"Izi zikatayidwe mu Luangwa," anatero azakhali a Margaret, akukankha bokosi ndi phazi. Analipeza pansi pa bedi la malemu Bambo Hosea posesa m'nyumba, patatha masiku atatu chiikire maliro. Munali timabotolo khumi ndi tiwiri ta mafuta achikasu. "Munthu wopemphera n'kumasunga mankhwala otere?"

Anastasia anagwada n'kulikokera bokosilo kwa iye.

"Si mankhwala, azakhali. Ndi mafuta a nthangala za malambe ndi za msikidzi. Atate ankayengera ine."

Bambo Hosea anali sikauti wa zinyama ku Kakumbi kwa zaka makumi awiri. Atapuma pantchito, mwana wawoyu anayamba kafukufuku wa mafuta ku yunivesite ku Lusaka, ndipo iwo anadzipereka kumutolera nthangala m'mitengo imene ankaidziwa.

"Nanga ku Lusakako mumakazingira chiyani?" anafunsa azakhali.

"Sitikazingira. Ndimaika dontho limodzi m'makina, kuwala kosaoneka ndi maso kumadutsamo. Mafuta amameza kuwala kwina, kwina amakusiya, ndiye timadziwa mmene tizigawo take tagwiranirana. Pamene tagwirana kawiri ndi pamene ndikufuna ineyo. Koma mpweya umawononga pomwepo, mafuta n'kuyamba kununkha."

Langford, mlongo wake wamkulu, anali ataima pakhomo.

"Ndiye kuti mawa ukupita?"

"Makina andipatsa Lolemba, eyiti koloko. Ndikaphonya ndi mpaka Ogasiti, ndipo awa adzakhala atawonongeka."

"Mapira akucha. Njovu zalowa kawiri sabata ino. Ine ndimagona kuntchito, ku loji. Amayi atsala ndi ndani?"

Anastasia ankangopukuta kabotolo kamodzi ndi nsonga ya chitenje.

Amayi awo, Mayi Edith, anali khale pamphasa chiyambire m'mawa. Tsopano anatsokomola.

"Alamu," anatero kwa a Margaret, "simungakhale nane mpaka tikolole?"

"Nanga mbuzi zanga ku Jumbe?"

"Langford akazitenga."

A Margaret anang'ung'udza, koma anamasula kathumba kawo ka zovala kamene anali atamanga kale. Langford anayang'ana mlongo wake kanthawi, kenaka anatuluka kukafunsa za minibasi ya ku Chipata.

Mayi Edith anadzuka pang'onopang'ono, nakatsegula sutikesi ya amuna awo. Anatulutsamo malaya obiriwira a usikauti, aja malemuwo ankawasita okha ndi kuletsa aliyense kuwakhudza. Manja onse awiri a malayawo anali odulidwa. Pansi pake panali timatumba tansalu yomweyo, tosokedwa ndi ulusi wokonzera ukonde, misoko yake yokhotakhota.

"Unawauza pafoni kuti dzuwa nalo limawononga mafutawa," anatero kwa Anastasia. "Anasoka naini tophimbira timabotoloto, patsala titatu. Singano inayamba kuwagwa m'manja."

Anakhalanso pamphasa, malayawo pamiyendo, n'kuuza Anastasia kuti awapatsire sizasi.