Nkhono za m'Kalasi ya Mayi Kettie

Mayi Kettie anaona madontho a magazi pakhomo pa chimbudzi cha atsikana. Eveles, mtsikana wa m'kalasi yawo ya Sitandade 2, anali ataima pomwepo akulira, atagwira pamimba. Sanali woyamba. Sabata yomweyo ana ena anali atadandaula kuti akumva kuwawa pokodza.

Chinali chaka cha 2003, ndipo Mayi Kettie anali atangosamuka ku Dowa kudzaphunzitsa pafupi ndi Senga Bay. Ana anali ochuluka koma mabuku ochepa. Mwamwayi, mlongo wawo Trust ankagwira ntchito pa loji ina yogona alendo yomwe inali ndi kompyuta yolumikizidwa ku intaneti. Loweruka lililonse ankawasindikizira zithunzi ndi maphunziro, ndipo kalasi yawo inatchuka.

Tsiku lina Mayi Kettie anapeza phunziro lonena kuti ana apite padziwe akatole nkhono, aziike m'botolo n'kumaziyang'ana.

"Kodi achimwene, madzi a kuno sangavute?" anafunsa.

"Aa, achemwali, mantha a kumtunda amenewo!" Trust anaseka. "Izi analemba ndi anthu ophunzira a kunja. Inu mungawapose?"

Choncho anapita nawo ana padziwe la bango kuseri kwa sukulu. Anawo anakondwa kwambiri, moti ankabwererako okha masiku onse poweruka, chifukwa wobweretsa nkhono zambiri ankamuombera m'manja. Patapita miyezi ingapo, zinthu zinafika apa.

Atamva za magazi aja, amayi a Eveles anabwera akuthamanga, khasu likadali m'manja.

"Aphunzitsi, mwanditani mwana wanga? Anthu akuti makina anu a intanetiwo amapopa magazi a ana. Akafa ameneyu, mundiona!"

Mayi Kettie anabereka Eveles kumbuyo, ulendo wa kuchipatala, mayi ake akulondola. Njira yonse Mayi Kettie ankadzifunsa. Bwanji mwanayu akandifera kumsana? Ndikawauza chiyani makolo enawo?

Kuchipatala namwino, Mayi Agnes, anamuyeza mkodzo.

"Ndi likodzo ili. Mwanayu amasewera madzi ati?"

Mayi Kettie anatulutsa pepala la phunziro la nkhono lija. Namwino analiwerenga, kenako anapukusa mutu.

"Pepalali silinaname, koma analembera ana a dziko lomwe kulibe likodzo. Kuno tizilombo ta matendawa timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo timalowa pakhungu munthu akangoponda m'madzimo. Tikachedwa kuchiza, chikhodzodzo chimawonongeka."

"Ndiye achira?" anafunsa amayi a Eveles.

"Achira, mayi. Mwabwera msanga. Palibe makina omwe amupopa magazi. Adye kaye, kenako amwe mapiritsi awa. Inu aphunzitsi, mawa mubwere nayo kalasi yonse."

"Intaneti ija ndaisiya basi," anatero Mayi Kettie, misozi ili m'maso.

"Ayi, musaisiye. Zithunzi zimenezo n'zofunika kwa ana athu. Kungoti kompyuta sinaponde padziwe lanulo. Likakhala phunziro lokhudza madzi, chakudya kapena zomera, muzifunsa kaye ife kapena makolo."

M'mawa mwake Mayi Kettie anatsogolera ana onse kuchipatala, makolo ena akutsatira mwakachetechete. Pobwerera anachotsa botolo la nkhono pawindo la kalasi n'kukalikwirira.

Eveles atachira n'kubwerera kusukulu, anapeza chithunzi chachikulu cha nkhono chitamatidwa pa bolodi. Nachonso chinali chochokera pa intaneti, koma chinali chitadutsa kaye m'manja mwa Mayi Agnes.

"Ana inu, nkhono ya padziwe timatani nayo?" anafunsa Mayi Kettie.

Eveles anakweza dzanja. "Timangoiona patali, Madamu. Sitilowa m'madzimo."

Phunziro: Intaneti ndi yothandiza pophunzitsa ana aang'ono, koma siidziwa dera lathu. Mphunzitsi asanagwiritse ntchito zomwe wapeza, afunse kaye anthu odziwa za kumaloko, chifukwa ana amachita chilichonse chomwe mphunzitsi wawayamikira.