Tombolombo pa Dazi

Loweruka lililonse amuna anga amandikokera kunkhalango yotetezedwa kuti ndikawanyamulire chikwama cha kamera. Malipiro anga ndi mawu amodzimodzi: "Osagwedezeka, mayi, muthawitsa tizilombo!"

Tsiku limenelo anagona chafufumimba m'matope, diso lili pa kamera, kudikira kuti tombolombo wofiira atere pa bango. Ine ndinali chiimire, udzudzu ukundidya miyendo.

Tombolombo uja anazungulira bangolo, n'kulinyoza, n'kukatera pa dazi lawo penipeni.

"Osagwedezeka, bambo!" ndinanong'ona, ndikutulutsa kafoni kanga kosweka galasi.

Anandimvera, koyamba chikwatiranireni.

Zithunzi zawo zambirimbiri zangodzaza mu kompyuta. Chopachikidwa pabalaza ndi changa, ndipo fumbi amachipukuta okha.