Kabichi Wodikira Maud

Kabichi wina anali ataphulikanso. Andreya anatula keni yothiririra pansi, n'kugwada, n'kuyamba kupanikiza mutu wong'ambikawo ndi manja onse awiri ngati ungalumikizanenso.

"Dula, mphwanga," anatero Sumani, mwini dimba loyandikana ndi la Andreya, uku akuthyola mpiru. "Kabichi sadziwa chibwenzi."

Andreya anapitiriza kupanikiza kabichiyo. Dzina lake litalephera kutuluka pa osankhidwa kupita ku sekondale, zomwe zinamutsalira zinali ziwiri: dimba ili, limene anafesa mvula itangotha m'mphepete mwa Shire, ndi bwenzi lake Maud. Koma Maud anakwera lole ya amayi a chipani kupita kukavina ku Blantyre pa chikondwerero cha ufulu, ndipo anzake pobwerera iye anatsalira kwa azakhali ake ku Ndirande. Kuyambira pamenepo ankatumizirana makhadi a zithunzi. Andreya ankatumiza a ngalawa ndi milambe, Maud n'kumabweza a nyumba zosanja ndi misewu ya magetsi. Pa khadi loyamba Andreya analonjeza kuti sadzadula kabichi ngakhale mmodzi mpaka Maud adzabwere kudzadula woyamba ndi dzanja lake.

Vuto la khadi n'lakuti siliyenda mu envulopu. Makalata a m'mudzimo ankadzera kubokosi la mpingo, ndipo a Dyson, amene ankawanyamula pa njinga, sankasunga mawu m'mimba. Lonjezo la kabichi linafika kudooko ndi kumsika lisanafike ku Blantyre.

"Ukadzapita kumsika anyamata a pageti n'kukufunsa khadi, udzatulutsa liti?" anafunsa Sumani. "La chipani, kapena la nyumba zosanja?"

"Sekani, achimwene. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake ili ku Ndirande. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Linali Lachisanu, tsiku la makalata. Andreya atamva kulira kwa tcheni cha njinga anathamangira kunjira, matope ali m'maondo. Masiku onse a Dyson ankaliza belu akadali patali, akukupiza khadi m'mwamba. Tsikulo anangonena kuti palibe kanthu, maso ali pa tayala lakutsogolo, n'kupalasa mofulumira. Amayi amene ankachokera kotunga madzi anasiya macheza pomudutsa. Mmodzi anamupatsa moni wa ulemu, wonga wa pamaliro.

Dzuwa litapendeka, mayi ake a Maud anatulukira kudimba ndi dengu lalikulu pamutu. Anayamikira mizere yowongoka, anafunsa za mayi ake a Andreya, anadandaula za mbuzi. Atatha zonsezo ndi pamene ananena kuti akufuna kabichi yense, wa Loweruka likubwerali.

"Loweruka kuli chiyani, mayi?"

Iwo anayang'ana Sumani. Sumani anawerama n'kumazula udzu pamalo popanda udzu.

"A Dyson anachita mantha, mwanangu, ndiye anandisiyira ine."

Anatulutsa khadi m'chitenje. Linali litafewa m'makona, likununkha usipa, zidindo za zala zili paliponse. Kutsogolo kunali hotela yokhala ndi maluwa ofiira pakhomo. Kumbuyo Maud analemba kuti akubwera Loweruka ndi a Davide, oyendetsa basi, kudzachita chinkhoswe. Mzere womaliza unali waung'ono, wopanikizidwa pansi pa sitampu: "Dula kabichi, Andreya, asaonongeke chifukwa cha ine."

Andreya anaganiza zokwera basi, zoponya keni mumtsinje, zolemba khadi lina la mawu oti Maud akawerenga alire. Koma limenelonso a Dyson akanayamba kuliwerenga ndiwo.

"Ndibwerekeni mpeni, achimwene."

Sumani anaupereka osaseka. Andreya anatsata mzere, akudula, akusadza masamba ofota, akuponya m'dengu. Ambiri anali ong'ambika, ena ataola mkati. Mayi aja ankangosankha abwinoko mwakachetechete. Andreya atafika kumapeto, mayiwo analoza wamkulu kuposa onse, wa pafupi ndi chitsime, amene anali asanaphulike.

"Nanga uyo?"

"Uyo ali ndi mwini wake."

Anawasenzetsa dengu, iwo n'kumapita. Andreya anabweza mpeni, anatola keni, anaitunga mpaka kusefukira, n'kupita kukathirira kabichi mmodzi yekhayo.