Dontho la oilo pabwalo la Monika

Lole ya Alfonsi, mwamuna wanga, inadontha oilo pabwalo langa ku Kapata chaka chathunthu. Inayamba tauni yathu ikadali Fort Jameson, mpaka dzina linasintha kukhala Chipata iyo ikudonthabe. M'mawa uliwonse ndinkathira phulusa pa chibanga chakudacho n'kusesa, koma mwana wathu Anna ankakwawira pomwepo. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Ndinawakumbutsa kuti oilo akusowa chitsekereni njira ya ku Rodeshiya, iwo n'kumangoti lole yosadontha ndi yopanda oilo, kenako n'kuseka okha.

Ndiye Loweruka lina ndinadzuka n'kupeza bambo avula malaya, boneti ili yasa, akutsuka injini ndi palafini. Anandipempha ufa pang'ono. Akuti injini ikayera amawazapo ufa, n'kuiliza, ndipo pamene ufa wayambira kuda ndi pomwe pali vuto.

Ufawo ndinawapatsa, koma mtima unali ukuwira. Dzulo lake ndinali nditapita kukagula nsawawa kuseri kwa msika, ndipo ndinadutsa pakhomo pa Monika, mayi wosoka zovala amene mwamuna wake anapita ku migodi osabwerako. Pabwalo pake, pansi pa mtengo wa mango, panali chibanga chonga changa, chokwiriridwa ndi mchenga mwaulesi. Banga limenelo ndimalidziwa ngati chipsera cha pathupi panga. Ndipo Lachitatu, pamene Alfonsi anati wagona ku Tamanda ndi katundu wa chipatala, pabwalo langa panacha pouma.

Anawaza ufa uja, naliza injini. Tonse tinaweramira m'boneti ngati banja logwirizana. Posakhalitsa kamzere kakuda kanatsika mu ufawo kuchokera pamwamba, m'mphepete mwa chivundikiro cha injini. Alfonsi anasangalala ngati wapha njovu. Anamasula mabawuti, natulutsa gasiketi yotseka mpata wa pakati pa chivundikirocho ndi injini, yakale youma, yothetheka pakona. Yatsopano anaidula pa katoni yolimba ndi lezala, naipaka girisi, namanga mabawuti modumphadumpha kuti chivundikiro chikhale bwino. Anawazanso ufa, nalizanso injini. Ufa unakhala woyera mbee.

Ntchito yonseyi inatha dzuwa lisanawawe n'komwe. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimenecho. Sichinali chinthu chovuta, sichinafune makaniko kapena chitsulo cha ku Lusaka, koma katoni ndi ufa wa m'nyumba mwanga momwemo.

Anandiyang'ana akudikira kuti ndiwayamike. Anati tsopano ndipumule, bwalo langa lidzayera.

"Bambo ake a Anna," ndinatero, "ine ndadandaula chaka chonse, sipanala simunaigwire. Monika wadandaula kangati?"

Anayamba kupukuta zala pa chisanza, chala chimodzichimodzi, maso ali pansi. Akanakana mwina ndikanatukwana n'kuziziritsa mtima, koma sanakane.

"Kamodzi," ndinadziyankha ndekha. "Ndi mwayi wake."

Ndinatenga mbale ija, ufa wotsala ndinaukhuthulira pa banga lakale lija, pamene Anna anali atayamba kale kulunjika. Ndinamunyamula mwanayo n'kumubereka.

"Ufa wa m'nyumba muno mwaudya womaliza," ndinawauza. "Yadya ndi lole yanu."