Njinga Imodzi, Misana Iwiri

Njinga yakale ija inathyoka felemu pa chitunda chachitatu, kalipentala ali pamwamba pake, mankhwala a bambo ake ali m'chikwama kumsana. Makilomita asanu ndi awiri otsalawo anachita kuikankha, dzuwa likuswa mtengo. Owotcherera ataiona anangopukusa mutu, nati chitsulocho chinatha kalekale, palibenso pogwira moto.

Nkhani yake inali yotere. Chimwalirireni mayi ake a kalipentalayo, bambo anakanitsitsa kusamukira m'tauni. Anali ndi matenda a shuga, maso akuchita chidima, ndiye Loweruka lililonse pankafunika munthu wopita ndi mankhwala, kukawatsuka bala la pamwendo, kuwachapira ndi kuwawenga zikhadabo. Ulendo wake makilomita makumi anayi kupita, makumi anayi kubwerera, ndipo basi inkadutsa kumeneko Lachiwiri lokha. Ana aamuna awiri ankasinthana: sabata ino kalipentala, sabata inayo mng'ono wake, wometa tsitsi pafupi ndi msika. Zaka zitatu zinatha choncho. Mlongo wawo wokhala kutali atamva za njingayo anatumiza ndalama zogulira ina, ndi mawu akuti zimenezo ndi zomwezo, asadikirenso zina.

Lachinayi masana awiriwo analowa m'shopu ya njinga zogwiritsidwapo kale ntchito. Munali mopanikiza, mukununkha labala ndi girisi, njinga zina zitakolekedwa kudenga. Mwini wake anali mayi wamanja akuda ndi oilo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Wokwera ndani?" anafunsa mayiyo.

"Tonse awiri," anatero kalipentala.

Mayi uja anayang'ana kalipentala, yemwe polowa anachita kuwerama pakhomo. Kenako anayang'ana wometa, amene mutu wake unkalekezera paphewa la mkulu wakeyo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Koma ziliko! Mwabwera kudzagula nsapato imodzi yoti muzivala mosinthana?"

Pa ndalama zawozo panali njinga zitatu zokha za maulendo aatali, za matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi. Anazitsitsa n'kuzitsamiritsa kukhoma: yaikulu yotuwa, yaing'ono yofiira, ndi yapakati yabuluu. Anafotokoza mosathamanga, ngati munthu amene wanena zomwezo kambirimbiri. Chishalo chimakwezeka ndi sipanala, inde, koma kutalika kwa felemu kuchoka pachishalo kufika pamahandulo sikusintha. Ikakukulira, umapalasa utatambasuka ngati ukufikira chinthu pamwamba pa kabati, ndipo khosi limauma. Ikakuchepera, mawondo amalira, msana umapindika, zala zimachita dzanzi. Pa makilomita asanu sumva kanthu. Pa makumi atatu m'pamene njinga imayamba kukuuza zoona.

Wometa anathamangira yotuwa ija. Anaisisita, naliza belu, napukusa tayala lakumbuyo kuti amve kulira kwake.

"Achimwene, iyi ndiye njinga! Taonani magiya ake. Takhalanipo tione. Eee, ngati anachita kukuyezani!"

Kalipentala anamuyang'ana m'maso. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana ameneyu anamubereka kumsana, akanamunamiza chiyani? Njinga yotuwayo ikagulidwa, mng'ono wakeyo sakanafikira n'komwe zopalasira, ndiye Loweruka lililonse likanagwera munthu mmodzi. Miyezi iwiri yapitayi anali atazembapo kale kawiri, ulendo wina ati chimfine, ulendo wina ati makasitomala achuluka. Ngati kuti matabwa amadzipala okha Loweruka!

Koma tisamunamizire chilungamo kalipentalayo, chifukwa nayenso anabwera ndi zake kumtima. M'mawa womwewo, akumanga nsapato movutikira chifukwa cha msana, anauza mkazi wake kuti akakakamira njinga yaing'ono. Anali atatopa, abale. Anatopa ndi msewu umene ankaudziwa dzenje lililonse, anatopa ndi kudzuka Lamlungu thupi lonse lili ngati lomenyedwa, anatopa ndi bambo ake omwe ankamulandira ndi funso lakuti wachedwa kuti. Ankawakonda, koma anatopa.

"Yofiirayi ndi yopepuka," anatero, akuinyamula ndi dzanja limodzi. "Pazitunda paja ingathandize."

"Imeneyo ndi ya ana asukulu, achimwene."

"Ikukukwana bwinobwino iweyo."

"Nanga inu?"

"Nanga iwe, pa yotuwayo?"

Mayi wa shopu anayamba kupukuta sipanala yoyera kale.

"Chabwino," anatero kalipentala, mawu atauma. "Amayi, tipatseni yabuluuyo."

"Imeneyo sikwana aliyense wa inu, bambo. Inu ikucheperani, awa iwakulira. Nonse muzikafika mukubuula."

"N'zimene ndikufuna. Itipweteke mofanana, pasapezeke wonamizira njinga."

Mayiyo anakweza mapewa. Ndalama n'zanu, anatero, koma m'shopu mwake njinga situluka wokwera asanaiyese. Kalipentala anazungulira nayo kabwalo ka kuseri kamodzi, mawondo akutsala pang'ono kugunda mahandulo, n'kuipereka kwa mng'ono wake. Wometa anaigwira, naima nayo, osakwera.

"Pindani buluku la kumanjako," anatero mayi uja. "Tcheni ndangochithira girisi, chikudetsani."

"Palibe kanthu, amayi, ndi lakale."

"Likakodwa m'tcheni mugwa, ine ndiye ndidzaoneke woipa. Pindani."

Wometa anawerama pang'onopang'ono, napinda kamodzi, kawiri. Mwendo unali wotupa, khungu likunyezimira, mitsempha itatukuka ngati zingwe. Pamwamba pa kakolo panali bandeji, ndipo pakati pake panali patanyowa chikasu.

Kalipentala anawerama n'kuyang'anitsitsa. Bala lotero ankalidziwa bwino. Ankalitsuka ndi madzi amchere sabata ziwiri zilizonse pamwendo wa bambo ake.

"Chinayamba liti chimenechi?"

"Miyezi inayi."

"Unapita kuchipatala?"

"Ndinapita. Akuti ndi shuga yemweyo." Wometa ankayang'ana belu la njinga. "Akuti ndisamaime nthawi yaitali. Ine wometa, ndisamaime! Za njinga ndiye sindinawauze n'komwe."

"Ndiye miyezi yonseyi wakhala ukupalasa ndi mwendo umenewu?"

"Ndimapuma pamlatho paja, ndimasintha bandeji. Bambo sadziwa. Maso awo aja amandithandiza."

"Osandiuza ine bwanji, iwe?"

"Ndikanakuuzani mukanatani, achimwene? Mukanangotenga maulendo onse. Ine msana wanu ndimauona mukamatsika panjinga. Ndimati mwina mukaikonda nokha yotuwayo, ndiye kuti sindinakupempheni."

Kalipentala anafuna kumukalipira, koma mphamvu yake analibe. Anamva chisoni, anamvanso manyazi pokumbukira zimene ananena m'mawa akumanga nsapato. Ndipo pansi pa zonsezo anamva mkwiyo wopanda woukwiyira, chifukwa kampumulo kamene ankakawerengera sabata ndi sabata kanali katapita, osati chifukwa cha ulesi wa munthu. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma palibe amene amafunsa dambolo ngati likadali ndi madzi.

"Tsitsa bulukulo," anatero. "Khala pampandopo. Amayi, yotuwa ija."

Mayi wa shopu anatenga tepi yake. Anaimiritsa kalipentala kukhoma, namuyeza mwendo ndi mkono, nakweza chishalo pang'ono. Mahandulo anawakwezanso kuti asamawerame kwambiri, nawakulunga tepi yochindikala. Chishalo chopyapyala anachichotsa n'kuikapo china chotakata pang'ono, nati chimenecho n'chaulere, chinangokhala m'bokosi. Anamuchenjeza kuti asapope matayala mpaka kuuma gwaa, chifukwa mabampu onse azithera m'msana mwake.

Kalipentala anatuluka nayo mumsewu. Anadutsa pogulitsira simenti, nakhota pamalo omwetsera mafuta, nakwera kachitunda ka kusukulu osadzuka pachishalo. Njingayo inkangoyenda yokha, mwakachetechete. Khosi silinakoke, manja anakhala pamalo pake, msana unangoti phee. Chibadwire anali asanakwerepo chinthu chomukwana chotere, ndipo zimenezo sizinamusangalatse ngakhale pang'ono.

Atabwerera anapeza mng'ono wake ali pampando paja, mwendo atausanjika pa bokosi la machubu. Anapereka envulopu ya mlongo wawo kwa mayi uja osaitsegula. Kenako anatsina tayala lakutsogolo ndi chala chachikulu.

"Matayala amenewa amatha atayenda mtunda wotani?"

"Mukamawasamala, makilomita zikwi zinayi."

Kalipentala anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera, monga amachitira powerengera matabwa a denga la nyumba.

"Ndiye kuti chaka chimodzi," anatero. "Loweruka lililonse, osadumpha."

"Achimwene..." anayamba wometa.

"Iwe khala chete." Anatembenukira kwa mayi uja. "Akabwera matayala ena a saizi yomweyi, mundisungire awiri."