Mphodza za Virginia

A Whyson Sakala anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Kamwala. Zinali zaka zija za mizere, pamene munthu ukaona anthu atandandalikana unkayamba waima kumbuyo, kenako n'kumafunsa ngati akugulitsa sopo, shuga kapena mafuta ophikira. Nyama inali nkhani ya pa Khirisimasi. Koma kunyumba kwawo ku Chawama ndiwo sizinkasowa, chifukwa mkazi wa mwini sitolo ankawakokolera mphodza zotsalira pansi pa matumba, zophwatalala zija ngati mabatani a malaya.

Zaka khumi ndi chimodzi a Whyson anadya mphodzazo osamva kanthu m'mimba. Wophika anali mkazi wawo, Virginia. Iwo ankangopeza mbale ili patebulo, n'kusamba m'manja. Mmene ndiwozo zinkafikira m'mbalemo sanafunsepo.

Ndiye tsiku lina anaweruka msanga chifukwa cha chimfine, n'kukhala pampando pakhomo. Anaona Virginia akutaya madzi a m'beseni la mphodza, n'kuthiramo ena, n'kutayanso. Anapirira. Koma ataona kuti waphula poto wowira pambaula n'kukhuthulira msuzi wonse m'ngalande, makala akungonyeka chabe, mtima unawakwera. Anakalipa pabwalo, amayi oyandikana nawo akumva, kuti mkazi wotere ndi thumba lobooka, ndipo n'chifukwa chake chilichonse chimene amamupatsa chimathera pansi. Banjalo linalibe mwana, choncho aliyense pabwalopo anamva mawuwo mmene anamvera Virginia. Iye anangothira madzi ena m'poto. Patapita mlungu anati akukaona amayi ake odwala ku Katete, ndipo anapita ndi kasutikesi kamodzi.

Miyezi isanu ndi iwiri inatha. A Whyson ankadziphikira okha, ndipo kuphika kwake kunali kwachimuna: mphodza m'poto, madzi, mchere, moto. Akadya, mimba inkatupa n'kuuma gwa ngati ng'oma. Pamakina munthu amakhala chowerama, ndiye mpweya unkayendayenda m'kati kufuna potulukira. Anaphunzira kupalasa makina mwamphamvu pa nthawi yake kuti phokoso libise phokoso linzake, koma fungo silibisika ndi makina. Kasitomala wina, akumuyeza thalauza, anati akapume kaye mphepo kumsewu ndipo sanabwerenso. Anayesa soda, anayesa mizu ya kumsika, koma kufunsa munthu ayi, poti mwamuna wamkulu angayambe bwanji nkhani yotero. Paja safunsa anadya phula.

Komabe mimba inali vuto laling'ono. A Whyson anamusowa mkazi wawo, kumusowa kwenikweni. Beseni lake linali pamsomali pomwe analisiya, ndipo sankaligwira. Basi ya ku Chipata, yodzera ku Katete, ikadutsa ankakweza mutu ngakhale singano ili pakati pa msoko. Nsalu yabwino ikatsala kwa kasitomala ankapezeka atadula diresi, osagwira tepi, chifukwa miyezo ya Virginia anali nayo pamtima. Madiresi atatu anali m'bokosi pansi pa bedi. Kalata ankaiyamba m'mutu tsiku lililonse, koma akafika pa mawu opepesa inkathera pomwepo.

Loweruka lina masana, mimba itawagoneka chafufumimba m'mawa wonse, anavala jekete ngati akupita ku mlandu n'kuwoloka ngalande kupita kwa bana Musonda, mayi wa ku Kasama amene ankagulitsa zitumbuwa ndipo anali mnzake wa Virginia. Anayamba ndi mvula, n'kufunsa za abambo a m'nyumbamo, n'kudandaula za mpopi wouma. Bana Musonda ankangovomera, akukanda ufa wawo. Nkhani zitatha, a Whyson anayang'ana nsapato zawo.

"Bana Musonda, nifunseko. Mphodza zija, anzanu benze kuphika bwanji?"

Mayiwo anasiya ufa, n'kupukuta m'manja pang'onopang'ono. Anawatuma akatenge mphodzazo pamodzi ndi beseni la pamsomali, ndipo anawaphunzitsa ngati mwana wa Sande sukulu. Choyamba kusankha timiyala. Kenako kuviika kuyambira dzulo lake, mpaka zitafufuma. Madzi oviikira ndi otaya, chifukwa zotupitsa mimba zimatsalira m'menemo. Kuzifikisa m'manja kuti makoko ayandame, n'kutayanso. Zikawira koyamba, kuyengula thovu lonse, kukhuthula madziwo, n'kuyambanso ndi ena. Kajinja pang'ono, mchere kumapeto, ndipo moto wake wapang'onopang'ono mpaka zitaphwanyika zokha. A Whyson anawerenga madzi otaya aja m'mutu mwawo, n'kuwerenganso maulendo a kumpopi amene ankafunika, kumene mzere unkayamba tambala asanalire.

"Ba Virginia benze kuchita vonse ivi cifukwa ca mimba yanu, ba Sakala," anatero bana Musonda. "Beve mphodza sibenze kuzikonda na pang'ono."

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envelopu imene inali m'Baibulo. Inali yomata kale sitampa, ndipo keyala ya ku Katete inalembedwa ndi dzanja la Virginia mwini. Anafotokoza kuti Virginia anaisiya m'mawa wa tsiku limene ankanyamuka, n'kunena kuti tsiku limene mwamuna wake adzabwere kudzafunsa za mphodza, bana Musonda aiponye ku positi ngakhale ilibe kanthu m'kati, iye adzadziwa ndipo adzakwera basi. Koma anawalumbiritsa kuti asamuuze kapena kumukankha. Miyezi inayi yoyamba Virginia ankawalembera kalata mwezi uliwonse, ndipo pansi pake pankakhala funso limodzi lomwelo, ngati munthu uja wafunsa.

"Manje?" anafunsa a Whyson.

"Kuchoka pamene mvula inayamba sibanalembe futi. Namvela ati bamalume babo banabapasa munda."

A Whyson anapempha envelopuyo, n'kuilandira ndi manja awiri. Anadziwa kuti yopanda kanthu siingakwanirenso. Lamulungu lonse, mphodza zikufufuma m'beseni, anakhala ndi pepala pabondo. Anang'amba anayi. Pepala lachisanu linali ndi mizere itatu yokha: kuti anafunsa, kuti tsopano akudziwa chimene madzi aja ankatayikira, ndi kuti mawu a pabwalo aja akuwapempha kuti abwerere m'kamwa mwawo.

Lolemba sanatsegule makina. Anaima pamzere wa ku positi mpaka dzuwa litakwera, envelopu ili m'thumba la pachifuwa. Atafika pawindo, kalaliki anaitembenuza, n'kuloza pakona ndi cholembera.

"Iyi sitampa ni yakudala, mudala. Mitengo inakwela, masiku yano siifika na pa Chongwe pafupi apa. Munachedwa nayo maningi."

A Whyson anavomera kuti anachedwadi. Anagula ina, n'kuimata pafupi ndi ya Virginia mosamala kuti isaiphimbe. Ataponya envelopuyo m'bokosi anakhala ataima pomwepo, dzanja lili pakamwa pa bokosilo, mpaka mayi wa kumbuyo kwawo anawapempha kuti apatuke.